Ana athu akuloweza 4200 koma akaona BTU akusowa pogwira

Akonzi,

Ndipatseniko kampata munyuzi yanuyi ndilankhulepo pa nkhani ina yomwe ambiri angaione ngati ya ana asukulu basi, koma ine yakhala ikundidya mumtima chiyambire mwezi watha. Ine ndimakonza ma giza, ma firiji, ma cold room ndi ma aircon kuno ku Blantyre, ndipo ndisanayambe zimenezi ndinagwirako ntchito pa boyila ya fakitale ina ya tiyi ku Thyolo ndili mnyamata, ndiye moyo wanga wonse wathera pa kutenthetsa madzi ndi kuziziritsa zinthu, palibenso china chomwe ndimadziwa kuposa ichi. Nkhani yake ndi ya chija aphunzitsi a physics amati specific heat capacity, ndiye kuti mphamvu yomwe kilo imodzi ya chinthu imafuna kuti itenthe ndi digiri imodzi, makamaka mmene munthu ungachokere pa manambala amakono aja a ma joule kupita pa akale a ma calorie ndi ma BTU (British thermal unit), kapena kubwerera, yonseyi ndi miyeso ya mphamvu.

Chandiyambitsa ndi ichi. Ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa ntchito, analemba MSCE chaka chathachi ndipo physics anakhoza bwino ndithu, mwana waulemu komanso wamutu, ukamuonetsa chinthu kamodzi wagwira. Nde mayi ena amene ali ndi nyumba yogona alendo anandiimbira kuti ndikawaonere thanki yawo ya madzi otentha ya malita 150, chifukwa anali atagula chotenthetsera madzi cha gasi chogwiritsidwapo kale ntchito chochokera kunja ndipo amafuna adziwe ngati gasiyo angawapepukire kusiyana ndi magetsi. Tsiku limenelo ine ndinali ndi ntchito ina ku Limbe ndiye ndinatuma mnyamatayu kuti apite akaone, awerengere bwinobwino kenako andiimbire.

Mbali ya magetsi anaimenya osatuluka thukuta. Madzi a pampopi mmamawa umenewo anali pa madigiri 20, mayiwo amafuna afike pa 60, kusiyana kwake ndi 40. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi ndiye malita 150 ndi makilo 150. Anachulukitsa 150 ndi 4200 ndi 40 monga anamuphunzitsira kusukulu (4200 ndi ma joule omwe kilo imodzi ya madzi imafuna kuti itenthe ndi digiri imodzi) nkupeza ma joule 25,200,000, ndipo poti yuniti imodzi ya magetsi timagula ija ndi ma joule 3,600,000 anagawa nkupeza mayunitsi 7. Zoona zake ndi zimenezo, olo ine ndikanapeza yomweyo.

Vuto linabwera atafika pa chagasi chija. Pa kachitsulo kolembapo kaja panalembedwa kuti 40,000 BTU/hr, ndiye kuti ma BTU pa ola, mulibe kilowati mulibe joule. Mwanayu sanagone, anayang'ana pa intaneti nkupeza kuti madzi ndi 1 BTU pa paundi imodzi pa digiri imodzi ya Fahrenheit. Makilo 150 anawasandutsa mapaundi 331, anakhoza. Kenako anatenga 40 ija nkuiika mu ka converter ka mufoni kuti Celsius ipite ku Fahrenheit, foni nkumuuza kuti 104. Anachulukitsa 331 ndi 104 nkupeza ma BTU 34,400, omwe ukawabweza ku magetsi ndi ngati mayunitsi 10, basi nkuwauza mayi aja kuti amayi mbali ya gasi ikufuna mphamvu yochuluka kuposa ya magetsi. Mayiwo mtima unawasweka, anayamba kale kunena zogulitsanso chinthu chomwe sanachiyatseko nkomwe.

Atandiimbira anati malume, gasi uja ndi wodya kwambiri. Ine ndinamufunsa funso limodzi, ndinati mwana wanga, madzi ndi omwewo, thanki ndi yomweyo, akuchoka pa 20 kupita pa 60 konsekonse, nanga madziwo akudziwa bwanji kuti lero akutenthedwa ndi gasi kuti afune mphamvu yambiri? Anakhala chete. Ndinamuuza kuti aike 20 payokha mufoni muja, inabwera 68, aike 60 payokha, inabwera 140, achotsere. Ndinamumva akupuma pa foni kenako anati aaa malume ndi 72, ndi 32 uja eti. Ndinati eya ndi yemweyo, amene foni imaonjezera ikamasandutsa Celsius kukhala Fahrenheit. Mapaundi 331 kuchulukitsa ndi 72 ndi ma BTU 23,800, ukagawa ndi 3412 omwe ndi ma BTU a mu yuniti imodzi ya magetsi ukubwerera pa 7 pompaja. Ndipo chagasi chija pa 40,000 pa ola chikanatenthetsa thankiyo pa mphindi ngati 36 osati 52 monga masamu ake oyamba amanenera, osawerengera kutentha kothawira mu chumuni ndi mmapaipi komwe nthawi zonse kumakhalapo.

Mwanayu sindikumuda ayi, ndipo sindinamukalipire. Chomwe chikundiwawa ndi choti tamuphunzitsa kuloweza 4200 ngati nambala ya foni ya mayi ake koma sitinamuuze kuti nambalayi inachokera kuti, ili ndi abale ake akale, ndipo abale akewo sanafe, akadali pa zipangizo zomwe zikulowa mdziko muno tsiku ndi tsiku. Pitani mmashopu nyengo yotentha ino ya Okutobala muone ma aircon, onse akugulitsidwa ndi 9000, 12000, 18000, 24000 BTU. Tengani paketi ya bisiketi, ina yalembedwa kcal (kilocalorie), ina makamaka zochokera ku South Africa yalembedwa kJ (kilojoule). Mabuku akale a uinjiniya omwe ali mmalaibulale mwathu ambiri ndi a ku Britain ndi ku America a nthawi ya mapaundi ndi Fahrenheit. Ndiye mwana akutuluka sukulu akudziwa chilankhulo chimodzi pomwe kuntchito akumulankhula zitatu.

Kwa amene simunachite physics, musaope dzina lachingerezili, chinthu chake mumachidziwa kale. Funso lake ndi loti, kilo imodzi ya chinthu chakuti imafuna mphamvu yochuluka bwanji kuti itenthe ndi digiri imodzi. Basi. Anyamata a pachiwaya amadziwa kuti mafuta sachedwa kulusa pomwe madzi ochuluka chimodzimodzi pa moto omwewo amachedwa, chifukwa mafuta ophikira amafuna ma joule ngati 2000 pa kilo pa digiri, theka chabe la madzi. Poto wa aluminiyamu wopanda kanthu ukamuika pa mbaula mphindi imodzi wakuotcha kale chala, aluminiyamu ndi 900 yokha. Ndipo amene munayendako ku Senga Bay kapena ku Mangochi masana a mwezi uno mukudziwa mmene mchenga umaotchera mapazi mpaka munthu kumathamanga monyang'ama kulowera mmadzi, koma madziwo ali ziii ngakhale dzuwa lawaomba lomwelo kuyambira mmamawa, ndiye usiku zimatembenuka, mchenga wazizira koma nyanja ikadali yofunda. Mchenga ouma uli pa 800 ndi kanthu, madzi ali pa 4200, kasanu konse. Pali zifukwa zinanso monga kuti madzi a mnyanja amasakanikirana ndi apansi, koma chachikulu chili pamenepo. Madzi ndi ouma mtima pa nkhani yotentha, ndipo nchifukwa chake timawathira mu rediyeta ya galimoto, amanyamula kutentha kochuluka iwo asanapse mtima.

Amene anayamba kuzindikira bwinobwino kuti zinthu zimasiyana chonchi ndi Joseph Black, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland cha mma 1760. Nthawi imeneyo kunalibe joule, ndipo anthu samadziwa nkomwe kuti kutentha ndi mphamvu yomweyo imene imakweza katundu kapena kuzunguza gudumu. Ndiye poyeza amangoyerekeza chilichonse ndi madzi, chifukwa madzi ali paliponse. A ku France anati mphamvu yotenthetsa mulingo umodzi wa madzi, galamu kapena kilo, ndi digiri imodzi ya Celsius tiitche calorie, ndipo Nicolas Clément amaphunzitsa kale mawu amenewa ku Paris mzaka za mma 1820. Angerezi nawo ndi mapaundi awo anati mphamvu yotenthetsa paundi imodzi ya madzi ndi digiri imodzi ya Fahrenheit ndiyo British thermal unit, BTU ija. Mukuona chomwe anachita onsewa? Aliyense mwa njira yake anaika madzi pa 1. Sikuti anayeza madzi nkupeza 1 ayi, anachita kupanga muyeso wawo kuti madzi akhale 1, zina zonse nkumakhala tizidutswa ta 1 ameneyo.

Kenako kunabwera James Prescott Joule wa ku Salford pafupi ndi Manchester, mwana wa munthu ofulula mowa, amene pa moyo wake anazolowera kuyeza kutentha kwa zamadzimadzi mosamala kwambiri. Iyeyu anamangirira zitsulo zolemera ku chingwe, zitsulozo zikamatsika zimazunguza timapiko mkati mwa chigubu cha madzi, ngati mthiko ukuvundula phala, iye nkumayang'ana thermometer. Madziwo amatentha pang'ono kwambiri koma amatentha ndithu, opanda moto. Mu 1850 anasindikiza kuti pamafunika katundu wa mapaundi 772 atsike futi imodzi kuti paundi imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi ya Fahrenheit, ndipo lero ndi zipangizo zonse zamakono nambala yake ndi 778, tangoganizani kuyandikira kwake. Mmanambala athu a lero zikutanthauza kuti lita imodzi ya madzi iyenera kugwa kuchokera mamita ngati 427 mmwamba kuti itenthe ndi digiri imodzi yokha. Ine ndikamaganiza zimenezi ndimamvetsa chifukwa chake giza ndi imene imamaliza mayunitsi mnyumba kuposa mababu onse ndi TV kuphatikiza. Ndiye 4200 ija ndi yankho la funso la Joule, kuti 1 wa madzi uja ndi ntchito yochuluka bwanji. Mu 1948 msonkhano waukulu wa miyeso wa maiko onse unagwirizana kuti kutentha kuziyezedwa ndi joule, ndipo mu 1960 ndi pomwe dongosolo lonse la miyeso yamakono lotchedwa SI lomwe ana akuphunzira lero linakhazikitsidwa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna aphunzitsi ndi amisiri anzanga amvetsetse, chifukwa ndi pokoma komanso pamapeputsa ntchito. Poti onse awiri anaika madzi pa 1, nambala ya chinthu chilichonse mu calorie pa galamu pa digiri ya Celsius ndi yomweyomweyo mu BTU pa paundi pa digiri ya Fahrenheit. Buku la ku France kapena ku Germany lakale likati mkuwa ndi 0.092, la ku America nalo likuti 0.092, palibe chosintha olo kamodzi. Ndipo kilocalorie pa kilo pa digiri ndi nambala yomweyonso chifukwa 1000 wapamwamba ndi 1000 wapansi amadyana. Ndiye njira zitatu zonse zakale zili ndi mlatho umodzi okha opita ku zamakono, 4186.8. Wapeza nambala yakale, chulukitsa ndi 4186.8 wapeza ma joule pa kilo pa kelvin, digiri ya SI yomwe kukula kwake nkofanana ndi digiri ya Celsius. Uli ndi yamakono ukufuna yakale, gawa ndi 4186.8. Mkuwa uja 0.092 ukubwera 385. Aluminiyamu 0.215 akubwera 900. Chitsulo 0.107 chikubwera pafupifupi 450. Mpweya omwe a ma aircon timauwerengera tsiku ndi tsiku ndi 0.24 mmabuku akale, ukubwera 1005. Njerwa 0.2, ndi 840 mongoyandikira. Mtovu 0.031, 130 basi, nchifukwa chake sumachedwa kutentha.

Wina anena kuti zatheka bwanji paundi ndi kilo zosiyana, Fahrenheit ndi Celsius zosiyana, koma nambala nkufanana, si matsenga amenewa? Tengani foni muyese nokha. BTU imodzi ndi ma joule 1055.06. Paundi imodzi ndi 0.45359 ya kilo. Digiri imodzi ya Fahrenheit ndi 5 pa 9 ya digiri ya Celsius, ndiye kuti 0.55556. Chulukitsani 0.45359 ndi 0.55556 mupeza 0.252, gawani 1055.06 ndi nambala imeneyo, mufika pa 4186.8 kapena pafupi kwambiri kutengera ndi manambala angati mwasunga kumapeto. BTU ndi yaing'ono poyerekeza ndi kilocalorie chifukwa paundi ndi yaing'ono komanso digiri yake ndi yaing'ono, zonse zachepa limodzi ndiye kugawana kwake sikusintha. Masamu amenewa sangatenge mphindi khumi pa bolodi, koma mwana amene wawaona kamodzi ndi maso ake sadzaopanso BTU moyo wake onse.

Pomwe anthu amagwa ndi paja anagwa mwana wa mlongo wangayu, ndipo ndaonapo amisiri a imvi akugwa pomwepo. Pali kutentha kwa chinthu, ndiye pali kusiyana kwa kutentha, ndi nkhani ziwiri. Ukamati kunja kuli madigiri 40 a Celsius, eya amenewo ndi 104 a Fahrenheit, chifukwa Fahrenheit amayambira kuwerenga kwina, madzi amaundana pa 32 osati pa 0, ndiye umachulukitsa ndi 1.8 nkuonjezera 32. Koma ukamati madzi akwera ndi madigiri 40, 32 uja alibe malo, umangochulukitsa ndi 1.8 basi nkupeza 72. Zili ngati munthu wakwera minibasi pa Limbe kutsika pa Bvumbwe, mtunda omwe wayenda sumasintha kaya iwe unayamba kuwerenga makilomita kuchokera ku Blantyre kapena ku Zomba. Foni siidziwa kuti ukufunsa chiti, imangoonjezera 32 nthawi zonse. Chimodzimodzinso kelvin, ana ena akaona K pa J/kg K amathamangira kuonjezera 273, nambala yosandutsira Celsius kukhala kelvin, pa kusiyana kuja, pomwe kukwera ndi digiri imodzi ya Celsius ndi kukwera ndi kelvin imodzi ndi chinthu chimodzi.

Palinso ka 1000 komwe kamasowetsa anthu mtendere. Buku lina lilemba madzi 4.2, lina 4200, onse akunena zoona, woyamba akunena ma joule pa galamu kapena ma kilojoule pa kilo, wachiwiri ma joule pa kilo. Ukangosokoneza pamenepa yankho lako lalakwika ka 1000, bola apa munthu umadabwa msanga chifukwa giza singafune mayunitsi 7000. Koma pa zakudya ndi pomwe zimabisala. Calorie ija anthu ochepetsa thupi amawerenga si calorie yaing'ono ya galamu imodzi ya madzi ayi, ndi kilocalorie, 1000 ya ting'onoting'ono tija, nchifukwa chake ena amailemba ndi C wamkulu. Paketi ikati 100 kcal ndi ma kJ ngati 418. Ndamvapo mayi wina mu shopu akubweza paketi ya chakudya cha ana pa shelefu ati ili ndi ma calorie ambiri zedi, pomwe amawerenga kJ kuyerekeza ndi paketi ina yolembedwa kcal, zakudya zake zofanana.

Ndipo kuti ndisabise kanthu, calorie yomweyo siimodzi. Madzi enieni sakhala pa nambala imodzi, akakhala ozizira kwambiri pafupi ndi kuundana ali cha pa 4217, akafunda cha mma 35 amatsika kufika cha pa 4178, akamayandikira kuwira akweranso. Ndiye akatswiri anachita kugwirizana. A chemistry amagwiritsa calorie ya ma joule 4.184, pomwe a ma boyila ndi nthunzi pa msonkhano wawo wa ku London mu 1956 anakhazikitsa 4.1868, ndipo imeneyi ndi imene imagwirizana ndendende ndi BTU ya 1055.06 ija. Kwa ife a ma giza kusiyana kumeneku sikufika olo pa supuni ya madzi mu ndowa, 4200 ya kusukulu ija ndi yokwana pa ntchito zambiri, koma mwana adziwe kuti akaona 4184 mbuku lina ndi 4187 mu lina palibe amene walakwitsa.

Ine zonsezi sindinaziphunzire mkalasi poyamba. Pa boyila paja ku Thyolo panali mkulu wina amene tonse timangowatcha kuti madala, anali atagwira pamenepo kuyambira nthawi ya atsamunda. Anali ndi buku lakale lachikuto chofiirira, masamba ake achikasu ngati fodya wa mchigafa, lodzaza ndi matebulo a nthunzi, mapaundi, Fahrenheit ndi BTU zokhazokha, amalisunga mu jumbo ya pulasitiki mthumba la ovolosi. Ma geji ena pa boyilapo anali akale a Fahrenheit, ena atsopano a Celsius, ndiye iwo ndi amene amayanjanitsa. Tsiku lina mvula ya chiperoni ikuwaza, nkhuni za bulugamu zili zonyowa, anandiitana nati iwe mwana bwera kuno, anandionetsa geji ya madzi olowa ndi ya madzi otuluka nkundifunsa kuti akwera ndi zingati. Ndinayankha. Anati tsopano undiuze mu Fahrenheit. Ine nkuonjezera 32. Sanayankhule, anangotenga choko nkulemba pa chitseko chachitsulo manambala awiri aja aliyense payekha nkundipatsa chokocho kuti ndichotsere ndekha. Ndi zomwezo ndinachita ndi mwana wa mlongo wanga pa foni paja patapita zaka zonsezi, ndipo nditadula foniyo ndinakhala kaye pansi kuwakumbukira madala aja, anatisiya kalekale. Paja amati akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, koma anthu ngati amenewo akutha, ndipo bukulo sindikudziwa linathera kuti.

Musaganize kuti ndi nkhani ya madzi osamba yokha. Alimi a ng'ombe za mkaka kuno kummwera amasonkhanitsa mkaka wawo mmathanki oziziritsa, ndipo mkaka ukachedwa kuzizira waonongeka, thukuta la mabanja ambiri lapita. Mkaka mmabuku akale uli cha pa 0.93, ndiye kuti ngati 3900 mu zamakono. Malita 500 amalemera makilo ngati 515, kuwatsitsa kuchoka pa 35 kufika pa 4 ndi madigiri 31, mukachulukitsa zonse mukupeza ma joule opitirira 62,000,000 oti achotsedwe, omwe ndi ma BTU ngati 59,000. Ngati mukufuna zitheke mmaola atatu ndiye kuti makina anu azichotsa pafupifupi 20,000 BTU pa ola, kapena tinene makilowati 5.8 a kuziziritsa. Tsopano ogulitsa kompulesa wina akuuzani mu BTU, wina mu kilowati, winanso mu ma tani, ndipo ngati mmisiri amene gulu lamudalira sadziwa kuyanjanitsa zitatuzi agula yaing'ono mkaka nkumasasa, kapena agula yaikulu mopitirira ndalama za alimi nkupita pachabe.

Tani imeneyo nayo ndi yakale yomweyo, inachokera nthawi imene ku America amaziziritsa zinthu ndi ayezi weniweni. Tani yawo ndi mapaundi 2000, paundi iliyonse ya ayezi imamwa ma BTU 144 kuti isungunuke, zonse pamodzi 288,000, kugawa ndi maola 24 ndi 12,000 pa ola. Ndiye aircon ya 12000 BTU ija ndi tani imodzi, ndi makilowati 3.5. Koma apanso chonde tisamale, pa bokosi amangolemba BTU pomwe akutanthauza BTU pa ola, komanso 3.5 imeneyo ndi kutentha komwe ikutulutsa mchipinda osati magetsi omwe ikudya, magetsi ake amakhala ongopitirira pang'ono kilowati imodzi kutengera mtundu wake. Ndakumanapo ndi bambo ena amene anauzidwa kuti agule jenereta yaikulu kwambiri chifukwa wina anawawerengera 3.5 ija ngati ya magetsi.

Pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi a physics ku sekondale, ndikudziwa silabasi ndi yodzaza ndipo nthawi ndi yochepa, sindikunena kuti tibwerere ku mapaundi ayi, SI ndi yabwino ndipo ndi imene ine ndimawerengera ntchito zanga zonse. Koma tsiku lomwe mukuphunzitsa 4200, patulani mphindi khumi muwauze ana kuti kunja kuno akakumana ndi 1 cal ndi 1 BTU, muwaonetse mlatho uja, ndipo muwapatse funso limodzi lokha lokhala ndi kusiyana kwa madigiri mu Fahrenheit kuti agwe mkalasi momwemo pomwe kugwa sikuononga ndalama ya munthu. A ma technical college, makamaka amene mukuphunzitsa refrigeration ndi plumbing, ana anu akubwera kwa ife akudziwa kuwotcherera paipi bwino kwambiri, aphunzitseninso kuwerenga kachitsulo kolembapo ka makina kaya kalembedwa mmiyeso yanji. Eni mashopu, pa kapepala ka mtengo kaja lembani BTU pa ola ndi makilowati pambali pake, simutaya kanthu. Ndipo amisiri anzanga, tikapeza mayankho awiri osiyana pa madzi amodzi tisathamangire kuuza kasitomala, tiime kaye tifunsane, safunsa anadya phula.

Mayi aja chotenthetsera chawo sanagulitse. Tinapita tonse awiri Loweruka lake kukachimangirira, ndipo ndinamusiya mnyamatayo kuti afotokoze yekha pomwe analakwitsa, anafotokoza mwaulemu ndipo mayiwo anati zikomo mwanawe pobwerera kudzanena. Tinaika wotchi, thankiyo inafika pa 60 patadutsa mphindi makumi anayi ndi kanthu chifukwa kutentha kwina kumathawira mu chumuni monga ndinanenera. Madzulo ake ndinamupeza akulemba ndi maka mkati mwa chivundikiro cha bokosi lake la zipangizo, 4186.8 pamwamba, 1055 ndi 3412 pansi pake, ndiye kumapeto analemba 1.8 nkulemba 32 pambali nkumudula ndi mzere.

Akonzi, mukamasindikiza kalatayi chonde manambalawa muwasiye mmene ndawalemberamu, makamaka kadontho ka pa 4186.8 ndi pa 0.092 kasasanduke chizindikiro cha comma, chifukwa ndikufuna mwana wina ku Nsanje kapena ku Karonga adule tsambali alimate mu kope lake.

Ine wanu,
Mmisiri wa ma giza ndi ma firiji,
Blantyre